Mafunso a Owerenga: Kuyeza Mahomoni m'Madzi Oipa Popanda Kuonjezeramo Poizoni

Mwezi uno makalata atatu ochokera kuno ku Lusaka akhudza nkhani imodzi, ya mahomoni amene amapezeka m'madzi otuluka m'zimbudzi ndi m'mapaipi a zonyansa. Tawafupikitsa pang'ono, ndipo maina a olemba tawasunga monga mwa chizolowezi cha tsamba lino.

Funso: Akonzi, kumpingo kwathu amayi ena akunena kuti mankhwala olerera amatuluka ndi mkodzo, amapita kumtsinje, kenaka amabwerera m'mipopi, ndipo akuti n'chifukwa chake abambo ambiri akuvutika kubereka masiku ano. Ine ndimamwa mapiritsi, ndipo nkhaniyi yandisowetsa mtendere. Kodi ndi zoona? Mayi wa ku Matero.

Yankho: Amayi, chiyambi cha zimene mwamvazo ndi choona, koma kumene anzanuwo athera nkolakwika, ndipo musasiye mapiritsi anu chifukwa cha mphekesera imeneyi. Mahomoni amatulukadi m'thupi kudzera mumkodzo ndi m'chimbudzi, koma amatuluka mwa munthu aliyense, wolera ndi wosalera yemwe, mwamuna ndi mkazi yemwe, popeza thupi limapanga lokha mahomoni a gulu la estrogen otchedwa estrone, estradiol ndi estriol, ndipo mayi woyembekezera ndiye amatulutsa ochuluka kuposa wina aliyense. Ng'ombe, nkhumba ndi nkhuku nazo zimatulutsa mahomoni m'ndowe ndi m'zitosi. Piritsi limodzi la Microgynon lili ndi mamayikulogalamu 30 okha (mayikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a galamu) a ethinylestradiol, estrogen yopangidwa m'fakitale, pamene jakisoni wa Depo-Provera ndi tindodo ta pamkono ta Jadelle mulibe estrogen ngakhale pang'ono, chifukwa muli mahomoni a gulu lina.

Zolengedwa zimene zaonetsa kuvulala poyera ndi nsomba, chifukwa izo zimakhala m'madzimo usana ndi usiku. Ku England, m'zaka za m'ma 1990, akatswiri adapeza kuti nsomba zazimuna zokhala kumunsi kwa malo otayirako madzi oipa zimapanga vitellogenin, puloteni ya m'mazira imene imayenera kupezeka mwa zazikazi, ndipo zina zidapezeka ndi timazira m'ziwalo zachimuna. Ku Canada, gulu lotsogozedwa ndi Karen Kidd lidathira ethinylestradiol m'nyanja yaing'ono yoyeserera ku Ontario kuyambira 2001 mpaka 2003, pa mlingo wa mananogalamu 5 kapena 6 pa lita (nanogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a galamu), ndipo tinsomba ta mtundu wa fathead minnow tidatsala pang'ono kutheratu m'nyanjamo. Kwa munthu nkhani ndi yosiyana, chifukwa amene awerengera apeza kuti estrogen imene munthu angamwe m'madzi a pampopi ndi yochepa kwambiri kuposa imene amalandira mu mkaka ndi zakudya zina za tsiku ndi tsiku. Madzi a m'mipopi ya mu Lusaka amachokera ku mtsinje wa Kafue kudzera pamalo oyeretsera madzi akumwa a Iolanda ndiponso m'zitsime zakuya, ndipo choopsa chenicheni pa madzi a mumzinda uno, womangidwa pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu yambiri, ndi zonyansa za m'zimbudzi zokumba zimene zimalowa pansi n'kubweretsa kolera, monga tidaonera mu 2017 ndi 2018, ndiponso mu 2023 ndi 2024. Banja limene likuvutika kubereka lipite kuchipatala, mwamuna ndi mkazi onse awiri, osati kuloza chala amayi olera.

Funso: Akonzi, ndine wophunzira wa chaka chomaliza m'maphunziro a kemisitiri, ndipo pa kafukufuku wanga ndikufuna kuyeza mahomoni m'madzi olowa ndi otuluka pamalo oyeretsera madzi oipa. Aphunzitsi anga andiuza kuti ndisankhe njira yosaononga chilengedwe. Ine ndikuona ngati zimenezi ndi zokometsera za maiko olemera, chifukwa ife ngakhale makina enieniwo ndi osowa. Kodi njirazi ndi ziti, ndipo zimapereka zotsatira zodalirika? Wophunzira wa ku Kalingalinga.

Yankho: Achimwene, aphunzitsi anu akuuzani zanzeru, ndipo ine ndikuona kuti njira zimenezi zimatikomera ife kuposa maiko olemerawo. Kuti mumvetse chifukwa chake, yambani ndi kukula kwa chinthu chimene mukufunafuna. Nanogalamu imodzi pa lita ndi galamu imodzi yosungunulidwa m'malita 1 biliyoni, kutanthauza madramu a malita 210 pafupifupi 5 miliyoni. Chinthu chochepa motero sichioneka ngati mwangothira madzi a m'ngalande m'makina, makamaka pamene madziwo ali odzaza ndi sopo, mafuta, mchere ndi zoola. Choncho ntchito yaikulu ya m'labotale ndiyo kupatula mahomoniwo m'madzi ambiri n'kuwasonkhanitsa m'kadontho kochepa, ndipo pa sitepe imeneyi ndi pamene poizoni wambiri amagwiritsidwa ntchito.

Njira yakale inali yokhutchumula lita ya madzi pamodzi ndi dichloromethane kapena chloroform katatu, mamililita makumi angapo ulendo uliwonse, kenaka n'kuuluzitsa mankhwalawo kuti mutsale ndi zimene mukufuna. Mankhwala onse awiriwa ali pamndandanda wa bungwe lofufuza za khansa la IARC wa zinthu zoganiziridwa kuti zimayambitsa khansa, ndipo woyamba kuwapuma ndi wophunzira amene waima pa benchi, makamaka kumene kabati yokoka mpweya woipa idaleka kugwira ntchito. Tangoganizani kuti munthu akutaya mamililita oposa 100 a mankhwala oopsa pofuna kupeza mananogalamu ochepa a homoni. Ngati otsalawo awathira musinki, amathera m'mapaipi a zonyansa omwewo amene akuwayeza, kapena m'madzi a pansi pa nthaka. Njira imene idalowa m'malo mwake, ya SPE, imadutsitsa theka la lita kapena lita yathunthu m'kachubu kokhala ndi ufa wogwira mahomoni, kenaka mahomoniwo amatsukidwamo ndi mamililita ochepa a methanol. Iyi ndiyo njira imene malabotale ambiri amadalira, ndipo ndi yabwino kuposa yakaleyo, komabe timachubuto ndi tapulasitiki, timagwira ntchito kamodzi, ndipo timagulidwa kunja ndi ndalama zakunja.

Maganizo a kemisitiri yosaononga chilengedwe adasanjidwa ndi Paul Anastas ndi John Warner mu 1998, pamene adalemba mfundo 12, ndipo mu 2013 akatswiri a ku Poland, pakati pao Jacek Namieśnik, adalemba mfundo zina 12 zolunjika pa ntchito yoyeza. Zonsezo zimathera pa mfundo zosavuta: tapani madzi ochepa, chepetsani masitepe, chepetsani mankhwala osungunulira kapena sankhani osapweteka, chepetsani magetsi ndi zinyalala, ndipo tetezani woyezayo. Mfundo iliyonse mwa zimenezi, kwa ife, ndi ndalama. Botolo la mankhwala osungunulira a acetonitrile limene silidagulidwe ndi madola amene sadatuluke, ndiponso ndi zinyalala zoopsa zimene simufunika kusunga mpaka atabwera amene ali ndi chilolezo cha bungwe loteteza chilengedwe la ZEMA chozinyamula, monga lamulo loteteza chilengedwe la 2011 limafunira. Akuluakulu a m'malabotale amakumbukirabe zaka za 2008 ndi 2009, pamene acetonitrile adasowa padziko lonse chifukwa mafakitale opanga acrylonitrile, kumene iye amapezekera monga chotsalira, adachepetsa ntchito. Amene amakhala kumapeto kwa msewu wa malonda, kutali ndi doko, ndiye amayamba kusowa ndipo amatsiriza kulandira.

Njira yoyamba yoyenera kuidziwa ndi SPME, imene Janusz Pawliszyn wa ku University of Waterloo ku Canada adaifalitsa mu 1990. Kaulusi kokutidwa ndi zinthu zokoka mankhwala kamaviikidwa m'mamililita ochepa a madzi, kenaka kamalowetsedwa m'makina oyezera otchedwa GC-MS, kumene kutentha kumamasula zimene kagwira, ndipo palibe mankhwala osungunulira amene agwiritsidwa ntchito. Vuto lake pa mahomoni ndi lakuti iwo sauluka msanga, choncho amayenera kusinthidwa kaye ndi mankhwala monga BSTFA kuti adutse m'makinawo, ndipo sitepe imeneyi imabweza pang'ono poizoni amene mumathawa. Kaulusiko ndi kosalimba, ndipo madzi a zonyansa amakadetsa msanga. Mlongo wake wa njirayi ndi SBSE ya mu 1999, imene imagwiritsa ntchito kachitsulo kotakasira kokutidwa mochindikala, motero kamagwira zochuluka.

Imene ndikuganiza kuti ikukuyenerani ndi DLLME, imene idachokera kwa akatswiri a ku Iran mu 2006. Mumatenga mamililita 5 kapena 10 a madzi, n'kubayamo mwamphamvu ndi sirinji mamayikulolita makumi ochepa a mankhwala okoka osakanizidwa ndi mankhwala omwaza. Madzi amachita mbuu ngati chifunga chifukwa cha timadontho tosawerengeka, ndipo mahomoni amasamukira m'timadonthoto m'kanthawi kochepa. Mukazunguza m'makina a centrifuge, timadontho timasonkhana pamodzi n'kukhala dontho limodzi loti muyeze. Zida zake ndi chubu chagalasi, sirinji ndi centrifuge, zimene labotale iliyonse ya pasukulu ya ukachenjede ili nazo. Chodabwitsa n'chakuti oyambitsa njirayi ankakokera ndi mankhwala a chlorine monga chlorobenzene ndi carbon tetrachloride, ochepa inde koma oopsa kwambiri, ndipo mapepala ambiri amene mudzawerenge amadzitcha osaononga chilengedwe akugwiritsabe ntchito omwewo. Inu sankhani 1-undecanol kapena 1-dodecanol, amene amayandama pamwamba pa madzi ndipo amaundana mukaika chubu m'madzi oundana, kotero kuti dontholo mumangolitola ndi kasupuni kachitsulo.

Pali gulu linanso la zosungunulira zatsopano zotchedwa DES, limene Andrew Abbott ndi anzake ku Leicester adalifotokoza mu 2003. Adasakaniza choline chloride, imene imathiridwa m'chakudya cha nkhuku, ndi urea, yemwe alimi athu amamudziwa ngati feteleza wobereketsa, ndipo zinthu ziwiri zolimbazi zidasanduka zamadzimadzi zimene zimaundana pa madigiri 12 okha. Msakanizo umenewo umasungunuka m'madzi, choncho sungakoke kanthu m'madzi. Amene amayeza mahomoni amagwiritsa ntchito misakanizo yosagwirizana ndi madzi, monga ya menthol ndi thymol, zonse ziwiri zochokera ku zomera. Chenjerani ndi zosungunulira zotchedwa ionic liquids, zimene zidatamandidwa kwambiri chifukwa siziuluka, koma pambuyo pake zambiri zidapezeka kuti zimapha zamoyo za m'madzi ndipo siziola msanga.

Makina oyezera nawo amadya mankhwala. HPLC, makina olekanitsa mankhwala powakankha ndi pampu m'chubu chotchedwa kolamu, ikamayenda pa mililita imodzi pa mphindi imatulutsa mamililita 480 a zinyalala m'maola 8, ndipo kungosinthira ku kolamu yopyapyala ya mamilimita 2.1 kumachepetsa zimenezi kwambiri. Ethanol angathe kulowa m'malo mwa acetonitrile pa ntchito zambiri, ngakhale amakweza mphamvu yokankha ya pampu, koma akhale woyeretsedwa mwapadera wa m'labotale, osati sipiriti wa m'sitolo. Mwayi wina ndi wakuti estradiol, estriol ndi ethinylestradiol amanyezimira okha akaombedwa ndi kuwala kwa mananomita pafupifupi 280, motero HPLC yokhala ndi diso loona kunyezimirako, lotchedwa fluorescence, imawaona popanda kuwasintha ndi mankhwala ena. Estrone ndiye amanyezimira mofooka, ndipo n'zachisoni chifukwa iye ndiye kawirikawiri amapezeka wochuluka m'madzi otuluka pamalo oyeretsera.

Tsopano funso lanu lenileni, la kudalirika. Apa ndikhala wouma mtima, chifukwa njira yosaononga chilengedwe imene siona zimene zilipo ndi yoipa kuposa yakale: imataya mankhwala pachabe, kenaka imanamiza anthu kuti madzi alibe kanthu. Pamene maiko a European Union adaika mahomoniwa pamndandanda wa zinthu zoyenera kulondalonda m'mitsinje mu 2015, adafuna njira zotha kuona mananogalamu 0.4 pa lita a estradiol ndi estrone, ndi 0.035 a ethinylestradiol. Mlingo umenewo umafuna makina a LC-MS/MS apamwamba ndi madzi ochuluka ndithu, ndipo DLLME ya mamililita 10 yokhala ndi fluorescence sifikako. Chimene ingathe ndi kuyeza madzi olowa pamalo oyeretsera, kumene mahomoni achilengedwe amakhala ochuluka, mwina mananogalamu makumi angapo pa lita kapena kuposerapo. Choncho musanapite kukatapa madzi, pezani kaye mlingo wotsikitsitsa umene njira yanu imaona, ndipo muupeze m'madzi oipa enieni, osati m'madzi oyera a m'labotale. Thirani homoni yodziwika kuchuluka kwake m'madzi oipawo muone kuti yabwerera yochuluka bwanji, ndipo tsiku lililonse yezaninso madzi opanda kanthu kuti mugwire kuipitsidwa kwa zida. Polemba zotsatira musalembe kuti homoni mulibe. Lembani kuti ili pansi pa mlingo wakuti, n'kutchula nambala yake.

Zolakwika zambiri zimachitika madzi asanafike n'komwe m'labotale. Thupi limatulutsa mahomoni atamangidwa ku tizidutswa totchedwa glucuronide kapena sulfate timene timawachotsera mphamvu, ndipo mabakiteriya a m'mapaipi, monga E. coli, amamasula glucuronide n'kubwezera homoni mphamvu yake, pamene enanso amasandutsa estradiol kukhala estrone. Ntchito imeneyi siima chifukwa chakuti madzi alowa m'botolo. Botolo losiyidwa m'galimoto padzuwa la Okutobala kuchokera pamalo oyeretsera madzi oipa a ku Chunga mpaka kulabotale ya ku Great East Road lidzakupatsani nambala zosiyana ndi zimene zinali m'ngalande. Tapirani m'mabotolo agalasi abulauni, aikeni m'madzi oundana pomwepo, sungani pa madigiri 4, ndipo patulani mahomoni pasanathe masiku awiri. Kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2024, kumene kudadza chifukwa cha kuchepa kwa madzi ku Kariba, kudaonetsa kuti firiji si yoidalira, ndipo apanso njira zazing'onozi zimapambana, popeza mungathe kumaliza kupatula tsiku lomwelo. Kumbukiraninso kuti madzi otapidwa kamodzi m'mawa sakuimira tsiku lonse, ndiponso kuti m'chilimwe mtsinje ngati Ngwerere umanyamula madzi ochokera pamalo oyeretsera madzi oipa a Manchinchi ndi m'maiwe a zonyansa a ku Garden osasungunulidwa kwenikweni, pamene m'dzinja mvula imawachepetsa mphamvu. Kafukufuku wa nyengo imodzi anene poyera kuti ndi wa nyengo imodzi.

Pa madzi otuluka, kumene mahomoni ali ochepa, ine ndingachite motere: ndingadutsitse madzi m'timachubu ta SPE kuno komwe, n'kutiumitsa, n'kutisunga pozizira, kenaka n'kutumiza timachubuto kulabotale yokhala ndi LC-MS/MS m'malo motumiza mabotolo olemera. Potero mumakhala ndi nambala zochepa zodalirika zoyerekezera nazo njira yanu yatsopano. Ngati aphunzitsi anu ali ndi anzao a zamoyo, funsaninso za mayeso a YES, amene Edwin Routledge ndi John Sumpter adafalitsa mu 1996, ogwiritsa ntchito yisiti yosinthidwa imene imasandutsa mtundu wa madzi kuchoka ku chikasu kupita ku kufiira ikakumana ndi chilichonse chogwira ntchito ngati estrogen. Mayesowa satchula dzina la homoni, koma amaonetsa mphamvu ya zonse pamodzi, ndipo ndi mphamvu imeneyo imene nsomba imamva.

Pomaliza kulemba, musangodzitamanda kuti njira yanu siononga chilengedwe. Onetsani ndi muyeso. Pulogalamu ya pakompyuta ya AGREE, ya mu 2020, ndi yaulere, ndipo imapereka nambala ya pakati pa 0 ndi 1 potengera mfundo 12 za mu 2013 zija. Yezani nayo njira yanu ndi njira yakale, muike nambala ziwirizo pambali pa milingo yotsikitsitsa ya njira zonse ziwiri, kuti wowerenga aone chimene mwapindula ndi chimene mwataya. Ena adzakulimbikitsani kupanga ufa wogwirira mahomoni kuchokera ku makala a zitsononkho za chimanga; ndi maganizo abwino a kafukufuku wa zaka zingapo, koma makala a lero ndi a mawa sagwira mofanana, ndipo chaka chimodzi sichikukwanirani.

Funso: Akonzi, ndimalima repu ndi tomato m'mbali mwa mtsinje wa Ngwerere ndipo ndimathirira ndi madzi a mumtsinjewo. Kodi pali kachipangizo kogula m'sitolo koti ndiyezere ndekha mahomoni amenewa? Mlimi wa ku Ngwerere.

Yankho: Abambo, musataye ndalama zanu. Timapepala toviika m'madzi timene timagulitsidwa timayeza zinthu monga chlorine, nitrate ndi kuwawasa kwa madzi, ndipo zipangizo zoyezera pathupi za ku famase zimafufuza homoni ina, ya hCG, mumkodzo, osati estrogen ya mumtsinje. Zilipo zida za ELISA zoyezera estrogen m'madzi, zimene zimagwiritsa ntchito mankhwala ochepa kwambiri, koma zimafuna firiji, makina owerengera ndi munthu wophunzitsidwa, ndipo m'madzi oipa nthawi zina zimakokomeza nambala chifukwa zimasokoneza homoni ndi zinthu zofanana nayo.

Pa dimba lanu mahomoni si amene ali patsogolo. Mabakiteriya a m'nthaka amaphwanya estrogen yachilengedwe m'masiku kapena masabata ochepa, koma mazira a njoka za m'mimba amakhala m'nthaka miyezi yambiri, ndipo tizilombo toyambitsa kutsekula m'mimba timamatirira pamasamba. Ngati muli ndi ndalama yoyezetsa, gwirizanani ndi alimi anzanu mutengere madzi kulabotale yoyeza E. coli ndi zitsulo zoopsa monga mtovu, mutafunsa kaye alangizi a zaulimi a m'dera lanu za botolo loyenera ndi katapidwe kake. Pothirira, thirani pansi pa mbewu m'malo mowaza pamasamba, valani magambutsi polowa m'madzi, lekani kuthirira ndi madzi a mumtsinje masiku angapo musanathyole, ndipo ndiwo zopita kumsika muzitsuke ndi madzi a pampopi kapena a pachitsime chotetezedwa.